Maliro a Mayi M'chitini cha Filimu

Amuna anga ndi munthu wotchuka, ndipo zimenezo musandiuze ine ngati nkhani yatsopano. Ndine ndinkawachapira malaya awiri okha aja pamene ngakhale galu wa pamsewu sankawadziwa. Lero sewero la pa kanema likatha, dzina lawo limabwera loyamba, lokhalokha, zilembo zikuluzikulu. Anzawo a kuntchito amawatcha a Tibwereze, chifukwa palibe chimene munthu angachite pamaso pawo n'kukwana ulendo umodzi. Wosewera atsegule chitseko, tibwereze. Amwe madzi, tibwereze, mpaka mwana wa eni mimba kuti ndii. Iwo dzinalo amalikonda, ndipo inenso ndinkaseka nalo.

Tinabwera m'dziko muno ndi sutikesi imodzi ndi kachikwama ka magalasi a kamera, kamene ankakanyamula pachifuwa ngati khanda. Kwathu anali wojambula kale, koma kuno anawauza kuti ayambire pansi. Paja kwa eni kulibe mkuwe. Ankakoka zingwe za magetsi, ankanyamula miyendo ya kamera pamapewa, ankaphikira tiyi anyamata amene akanatha kuwabereka. Ine ndinkasoka, kufupikitsa mathalauza a anthu a m'dera lathu, m'kachipinda kamodzi pamwamba pa sitolo ya nsapato.

Ulendo wina, wojambula weniweni atatuluka kukasuta, anawalola kugwira kamera kwa kanthawi. Wosewera wina wachikulire anaphonya mpando n'kugwa chagada, ndipo amuna anga, monga munthu aliyense wolera bwino, anazimitsa kamera n'kuthamanga kukamudzutsa. Dairekitala, mkulu wotsogolera kujambulako, anawakalipira pamaso pa gulu lonse. Anati, "Kwanuko mumadula nokha? Kuno wojambula saimitsa kamera mpaka dairekitala atanena kuti dulani. Denga ligwe, munthu akomoke, iwe jambula." Amuna anga anabwera kunyumba tsiku limenelo, chakudya osachikhudza. Analumbira kuti chala chawo sichidzazimitsanso kamera popanda mawu amenewo. Ndinawasisita kumsana ndi kuwauza kuti zipita. Ndikanadziwa!

Loweruka lina m'mawa anabwereka kamera ya kuntchito ndi zotsalira za filimu, akuti ayese kuwala kwa pazenera. Choyesera chawo ndinali ine, masiku onse. Anandikhazika pa makina osokera, anakoka katani pang'ono, anati ndizingosoka osawayang'ana. Kamera inayamba kulira, kulira kwake kuja kokhala ngati njuchi m'botolo. Ndiye foni imene inali pazenera pomwepo inaitana. Anali achimwene, kwathu. Sanazungulire. Anati, "Chemwali, mayi atisiya usiku wathawu. Tiika mawa."

Mapepala athu anali asanakonzeke. Kutuluka m'dziko muno kukanakhala kutuluka kosabwereranso, ndipo ndinazidziwa zimenezo foni ili kukhutu. Kumanda sindikafikako, nkhope yawo sindidzaiona, dothi sindiponya. Ndinagwa pampando kuti khu. Ndinalira ngati mwana, ndinagubuduzika pansi, nsalu inamasuka, mamina ndi malovu zili mbwee, ndikuitana mayi ndi dzina lawo la paubwana limene ndinali ndisanalitchulepo chibadwire. Ndipo pansi pa kulira kwangako ndinkamva njuchi ija ikulirabe. Inalira mpaka filimu inatha yokha. Pamenepo m'pamene amuna anga anagwada n'kundigwira.

Patapita masiku ndinawafunsa za filimuyo. Anati, "Inapsa, mayi. Sipanatuluke kanthu." Ndinawakhulupirira, ndipo ndinawakhululukira. Ndinati munthu anangouma ndi mantha, chala chinakanika. Chaka chomwecho anawapatsa kamera yawoyawo. Anajambula mafilimu a anthu ena kwa zaka zambiri, anatchuka chifukwa cha kuwala kwa pazenera, kenaka anakhala dairekitala, poyamba wa mafilimu, pambuyo pake wa masewero a pa kanema. Tinasamukira m'nyumba ya masitepe. Mwana wathu wamkazi anakula, anakwatiwa. Makina anga osokera anapita ku galaja.

Tsono chaka chino a wailesi ya kanema anaganiza zopanga pulogalamu yonena za ntchito yawo yonse. Mukuganiza kuti analola munthu wina kuitsogolera? A Tibwereze? Anati aitsogolera okha, poti palibe amene angawaunikire bwino nkhope.

Lamulungu lina masana ndikusita zovala, anandiitana kuchipinda chochezera. Anali atatseka makatani, maso akuwala ngati mwana amene watola ndalama.

"Mayi, takhalani apa muone chinthu."

Ndinakhala. Pa kanema panaoneka zenera, makina osokera, ndi mtsikana woonda wa khosi lalitali. Ndinatenga nthawi kuti ndidzizindikire. Foni inaitana. Mtsikanayo anaitenga.

Abale anga, ndinaona zonse. Ndinaona pakamwa panga patatseguka mpaka kummero. Ndinaona ntchafu yanga pamtunda nsalu itamasuka. Ndinamva dzina la mayi likutuluka m'zokuzira mawu zikuluzikulu zimene anagula chaka chatha. Ndipo kamera sinkangoima, ayi. Pamene ndinkagwa, inanditsatira pansi bwinobwino, mosagwedera. Pamene ndinatembenuka, inasendera pafupi. Chala chouma ndi mantha sichichita zimenezo.

Anaimitsa chithunzi pamene misozi inali patsaya, n'kuloza ndi rimoti.

"Taonani kuwalako. Popanda nyali ngakhale imodzi. Sindinajambuleponso chinthu choposa ichi moyo wanga wonse. Pulogalamu iyambira pamenepa."

"Munati inapsa."

"Aa, mayi, nthawi imene ija munali ndi chisoni. Ndikanati chiyani?"

"Munati inapsa!"

"Tamverani kaye. Mukuganiza kuti kamera yoyamba ija anandipatsa chifukwa chiyani? Ndinawaonetsa chimenechi mabwana. Wina mpaka anapukuta maso. Mawa lake anandiitana. Chithunzi chimenechi ndi chimene chinatitulutsa pamwamba pa sitolo ya nsapato paja."

Ananena zimenezi mokoma mtima, ngati akundipatsa mphatso. Ndiye kuti azibambo achilendo, atavala masuti, anakhala m'chipinda chamdima akumwa khofi n'kumaonera ntchafu yanga ndi maliro a mayi anga. Ndiye kuti amene aja ankandipatsa moni mwaulemu pa maphwando a kuntchito, n'kumandiyang'ana nthawi yaitali, ankandidziwa ndili pansi. Ndipo ine ndinkati amandilemekeza! Masitepe ndinkakolopa aja, makatani ndinasoka ndekha aja, zonse zinachokera m'kulira kumeneko, mwiniwake osadziwa.

Ndinawauza kuti chithunzicho sichipita pa kanema ndili moyo. Ndinati maliro a mayi sindinapiteko, maliro amene ndinawachitira ndi amenewo, a pansi pa zenera, ndipo maliro saitanira dziko lonse kudzaonera likudya mtedza. Iwo anagwedeza mutu monga amachitira ndi wosewera wovuta.

"Tikambirana, mayi. Mtima ukhale pansi."

Sitinakambirane. Ndikayamba nkhaniyo m'mawa, akuchedwa kuntchito. Ndikayamba madzulo, atopa. Ndinasanthula nyumba yonse kufuna chitini cha filimuyo, m'makabati, kudenga, m'galaja, osachipeza. M'galajamo ndinapeza kuti makina anga osokera nawonso palibe. Nditafunsa anati, "Tabwereka pang'ono." Kubwereka kwa ndani? Mwana wathu anayesa kuwaimbira, iwo anamuuza kuti mayi ako sadziwa kuti ndi okongola bwanji pa chithunzi chimenecho. Mwanayo anangodula foni.

Ndiye anabwera ndi pempho, nkhope ili gwa. Pulogalamuyo inkafunika mkazi wa dairekitala akhale pampando anene mawu awiri atatu a masiku oyamba. Ndinatsala pang'ono kuwaponyera simbi. Koma ndinaganiza kuti kunyumba sandimva, kumene amamva munthu ndi kuntchito kwawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavala diresi langa labuluu, ndinakwera basi, galimoto yawo ndinaikana.

Situdiyo yake ndi chinyumba chachikulu chopanda mazenera, chozizira, zingwe zili pansi paliponse. Pakati pake anali atamanga kachipinda kathu ka pamwamba pa sitolo, makoma atatu. Bedi lachitsulo lomwe lija, katani wa maluwa achikasu, foni yakuda pazenera, ngakhale banga la chinyontho pakhoma analipenta. Kuseri kwa zenera anaikako chinyali chachikulu kuti chikhale dzuwa la Loweruka lija. Ndipo pansi pa zenerapo panali makina anga. Munthu amene sakumbukira tsiku limene mwana wake anabadwa anakumbukira banga la pakhoma.

Wa zodzoladzola anandipukuta pamphumi. Wa mawu anandipanira kamaikolofoni pakolala. Pa kamera panali mayi wina wa imvi amene wagwira ntchito ndi amuna anga zaka zambiri, munthu wofatsa, amene anabwerapo kwathu kudzadya. Anandimwetulira n'kuika diso pa kamera. Amuna anga anakhala pampando wawo cha kumbali, patsogolo pa kakanema kakang'ono kamene dairekitala amaonerapo zimene kamera ikutenga. Kanyali kofiira kanayaka.

"Tiuzeni, mayi," anatero m'chiyankhulo cha kuno, maso ali pa kakanemako, "mukakumbukira kachipinda aka, mumakumbukira chiyani?"

Ndinayankha m'chiyankhulo chomwecho, kuti aliyense wogwira chingwe amve. Ndimachiyankhula mokhota, ndikudziwa, koma tsiku limenelo mawu ankabwera okha.

"Ndimakumbukira kuti mayi anga anamwalira ndili pampando uno. Ndinagwa apa. Amuna anga anali apo, pamene pali mayi awa, mapazi atatu kuchokera pamene ndinagwa. Sanabwere. Anandijambula mpaka filimu inatha, kenaka anandinamiza kuti inapsa, n'kupita nayo kwa mabwana awo kukapempha ntchito. Tsopano akufuna kuti inu nonse muione."

Wina kumbuyo anaika pansi kapu mosamala.

Sindinalekere pomwepo, ayi. Ndinatembenukira kwa iwo n'kuyamba chathu, chifukwa mkwiyo weniweni sutuluka m'chiyankhulo chobwereka.

"Inu bambo inu, mulibe manyazi? Mzungu mmodzi, kapena ndani kaya, anakukalipirani tsiku limodzi, ndiye mwakhala mukumumvera moyo wanu wonse? M'chipinda muja munali dairekitala? Munali ndani woti anene kuti dulani? Munali inu ndi ine basi! Mkazi wanu ali pansi, mbulanda, akuitana mayi ake, inu mukukonza galasi kuti misozi ioneke bwino. Ndinakuchapirani, ndinakusokerani, ndinasowa pa maliro a amene anandibereka kuti inu musataye mwayi wanu m'dziko muno. Ndinadandaulapo? Chinthu chimodzi chokha chinali changa, kulira kuja, nachonso munatenga. Mayi anga ankakukondani inu. Ankati mkamwini wanga ndi wofatsa. Kufatsa kwa njoka!"

Mawu anayamba kundithawa, ndipo ndinamva misozi ikubwera. Ndinati ayi, kachiwiri ayi, pamaso pa kamera ayi. Ndinayang'ana mayi wa imvi uja.

"Dulani," ndinatero. "Chonde, zimitsani."

Anachotsa diso pa kamera. Nkhope yake inali itagwa, nayenso misozi ili m'maso. Anayang'ana kwa dairekitala. Chala chake chinali pa batani pomwepo, koma sanadine. Sindimuda mayi ameneyo, lamulo ndi lomwe lija, ndipo amene anamuphunzitsa ndi amuna anga omwe. Kanyali kofiira kanali chiyakire.

Ndiye ndinayang'ana amuna anga. Tsiku lija analibe woti awauze kuti dulani. Lero mawuwo anali m'kamwa mwawo, mawu amodzi, ndipo panalibe munthu padziko lapansi woti awakalipire. Sankandiyang'ana ine. Ndinali pafupi, akanatha kundigwira dzanja atangoweramira kutsogolo, koma maso awo anali tong'o pa kakanema kaja, pakamwa pali yasa, dzanja lamanja lili m'mwamba likukodola wojambula pang'onopang'ono kuti asendere pafupi. Misozi inagwa. Anaidikira mpaka inafika pachibwano.

"Dulani," anatero monong'ona.

Anadzuka n'kubwera, akupukuta magalasi awo. Anagwada pafupi ndi makina, monga anagwadira tsiku lija. Kamtima kanga kopusa kanati mwina amva.

"Mayi," anatero, "mwapambana. Chakale chija ndichichotsa."

Ndinapuma.

"Ichi chaposa. Pulogalamu iyambira pa ichi."

Ndinaseka. Ndithu ndinaseka, mpaka wa mawu anavula zomvera zake kumakutu. Ukakwatiwa ndi munthu zaka zonsezi umaganiza kuti pansi pa chitsime unafikapo, osadziwa kuti pali pansi pena.

"Chabwino," ndinatero. "Mkwiyowu ndi wanu, munaugwirira ntchito, uonetseni dziko lonse. Koma chitini chija mundipatse pano, m'manja. Ndipo paliponse pamene munakopera, mufufute ine ndikuona."

Anayamba zoti chili ku ofesi, zoti mawa. Mayi wa imvi uja ndi amene anayankhula, koyamba tsiku lonselo. Anati chili m'kabati ya m'chipinda cholumikizira zithunzi, ndipo anapita yekha kukachitenga. Tinakwera tonse kuchipindako. Ndinaima kumbuyo kwa wolumikiza zithunzi, bambo wa ndevu amene sanandiyang'ane m'maso ngakhale kamodzi, mpaka anafufuta m'makompyuta onse ndi m'tibokosi tosungira. Amuna anga anaima pakhomo ngati munthu amene akumuzula dzino. Chitinicho chinali chaching'ono, chozizira, cha dzimbiri m'mbali, kukula kwake ngati chivundikiro cha poto. Ndinachiika m'chikwama.

Ndili pa masitepe anandithamangira.

"Mayi, kanthu kamodzi kokha. Pamene munanena za mkamwini paja munatembenuka kwambiri, theka la nkhope linalowa mumdima. Mukadakhala kuti mwangobwereza pamenepo pokha..."

Ndinavula kamaikolofoni kamene kanali kadakali pakolala, ndinakaika m'dzanja mwawo, ndinapinda zala zawo pamwamba pake. Makina anga ndinatuma galimoto ya hayala kukatenga mawa lake.

Pulogalamu inaulutsidwa. Sindinaionere, koma anthu anaionera. Mayi wina pa basi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Ndinu amene muja! Koma ndiye mumatha kusewera, ndinalira." Anyuzipepala analemba kuti dairekitala ndi wolimba mtima, sadzibisira zofooka zake. Akuti alandira nayo mphoto. Alandire, aikenso pashelefu pamene ndinkapukuta fumbi.

Ine ndikukhala kwa mwana wanga, m'chipinda cha kumbuyo chimene zenera lake linayang'ana khoma la anansi. Kuwala kwake n'koipa, ndimasoka nditayatsa getsi masana, ndipo ndimakukonda choncho. Chitini ndinachikulunga m'nsalu imene mayi anandipatsa ponyamuka, chili pansi pa zovala m'kabati. Sindidzachionera. Ndikadzafa adzandiike nacho, ndinamuuza kale mwanayo.

Mwezi watha amuna anga anabwera. Ndinatsegula chitseko ndekha, poti mwana anali kuntchito. Aonda, kolala ya malaya yosasita, chipewa chili m'manja. Anati nyumba yakula, sakugona, sadziwa kumene kumakhala supuni. Anati, "Mayi, tiyeni kunyumba. Tiyambirenso."

Ndinawauza kuti mayi anga anamwalira kamodzi, ndipo iwo anapatsidwa mpata kawiri woti aike kamera pansi, umene anthu ena sapatsidwa. Ndinkayankhula modekha, ndipo ankamvetsera, misozi ili m'maso, yeniyeni. Mtima wanga unayamba kufewa, ndisaname. Dzuwa linali likulowa kumapeto kwa msewu, likuwomba pakhonde cha m'mbali. Ndili pakati pa mawu, ndinaona phazi lawo likusuntha. Anasendera kumanzere pang'ono, kaphazi kamodzi, n'kupendeketsa mutu, kuti dzuwalo ligwere bwino patsaya langa.

Ndinatseka chitseko.